Dothi la Pamfundo ya Chitenje

Sunthirani kuno, wina akankhire chikuni icho pamoto, chifukwa nkhani iyi siimveka bwino munthu atakhala payekha. Ndi ya Ndaziona, mwana wa Nankhoma wa ku Ntchisi, yemwe anawoloka nyanja ya mchere kukaphunzira za dothi n'kubwerako ndi phunziro lomwe aphunzitsi ake sanalikonze.

Anali ophunzira khumi ndi mmodzi a ku koleji ya zaulimi, osankhidwa kukakhala masabata atatu pa chilumba china kugombe la Tanzania. Masabata atatu okha, koma mukanawaona pabwalo la ndege mukanati akukakhazikika komweko: masutikesi amatayala, magalasi akuda, mafoni m'mwamba, mano onse pamtunda. Ndaziona anali ndi chikwama chobwereka kwa msuweni wake ndi chitenje chimodzi chomwe mayi ake anamupatsa.

"Kumeneko ukakhala mlendo," anatero Nankhoma pomuperekeza. "Paliponse usanaponde, uziyamba waodira."

Chilumbacho chinali chokongola, sindikana. Mitengo ya kokonati, mchenga woyera ngati ufa, ndi minda ya karafuu, timaluwa touma tonunkhira tija amwenye amathira mu tiyi. Koma kutentha kwake kunali konyowa, kokakamira pakhungu. Munthu umatuluka m'bafa thukuta lili kale kamukamu.

Anzake a Ndaziona anali ana a m'tauni, aja amalankhula Chingerezi ngakhale popempha mchere. Sankamuda ayi. Ankangomuiwala, ndipo kuiwalika kumapweteka kuposa kudedwa. Madzulo ankapita kugombe kukajambulana, n'kumukumbukira pobwera.

"Aa, Nda, unatsala? Bwanji osanena?" ankatero Yolanda, mtsikana yemwe ankagona naye chipinda chimodzi, maso ali pafoni.

Ndaziona ankangomwetulira. Kusungulumwa anakuzolowera kalekale. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka zisanu, n'kufera komweko, n'kuikidwa ndi anthu osawadziwa ngakhale mfunda. Kwawo, munthu akafera kutali, wachibale amapita kukatapa dothi la pamanda n'kubwera nalo kumudzi kuti mzimu usasochere. Wonyamula dothilo saliika pansi, satembenuka mpaka atafika, ndipo pamadzi aliwonse amauza womwalirayo kuti tikuwoloka. Malume ake ankafotokoza malamulo amenewa chaka chilichonse ndi mawu amphamvu, koma ulendo wake sunachitike, mpaka iwonso anakalamba. Nankhoma anali asanasiye kulota mwamuna wake ataima pamvula kuseri kwa chitseko.

Tsiku lachinayi anawatengera kumunda waukulu wa karafuu kukatapa dothi lokayeza. Mphunzitsi wawo, a Matewere, munthu wa mpango pakhosi ndi mawu ngati belu, anawagawa awiriawiri. Mukudziwa kale yemwe anatsala yekha.

"Mapazi makumi awiri aliwonse, bowolani," anatero a Matewere. "Osasankha malo. Pomwe phazi lathera ndi pomwepo. Dothi m'thumba, nambala pathumba. Mzere wodumphadumpha sindilandira."

Mzere wa Ndaziona unali wakumapeto, wolowera kungodya ya munda. Anawerenga, anabowola, analemba. Mawu a anzake anayamba kumveka patali, kenako osamvekanso. Pomwe ankafika pa thumba la khumi ndi chinayi, mitengo inali yakale kwambiri, yosadulira, koma pansi pake panali posesedwa bwino. Mbalame kunalibe. Chitsulo chobowolera chinalowa mosavuta ngati chikulowa m'phala, ndipo dothi lomwe linatuluka linali lakuda, lozizira.

Atamanga kale thumba ndi pomwe anaona chomwe anayenera kuona poyamba. Pambali pa phazi lake panali mphika wadothi wovundikira, wobowoledwa pansi. Patsogolo pake panali wina, ndi phale la wina. Miphika yotere ankaidziwa. Ya kumanda a kwawo imakhala choncho.

Anagwada msangamsanga n'kuomba m'manja. "Pepani eni malo, sindinadziwe. Ndine mlendo, mwana wa Nankhoma wa ku Ntchisi."

Anali mawu oyamba a Chichewa omwe analankhula mokweza chifikireni pachilumbacho. Atangowatula, mphepo inaima. Ngakhale nyenje zomwe zinkalira tsiku lonse zinangoti zii. Kunali chete kwa mtundu uja kumakhalapo munthu akasiya ntchito kuti amvetsere.

Apa ndiye mwanayo akanabweza dothilo m'dzenje lake. Koma anakumbukira nkhope ya a Matewere ndi mzere wodumphadumpha, n'kuponya thumbalo m'chikwama. Masukuluwa, abale anga, amaphunzitsa mwana kuopa cholembera chofiira kuposa manda.

M'mawa mwake anapeza mapatapata ake atasuntha. Anawasiya pansi pa bedi, koma anali pakhomo, ataikidwa bwinobwino moyandikana, atayang'ana kolowera dzuwa. Anaganiza kuti ndi Yolanda. Tsiku linalo anawatsekera m'chikwama. Kutacha anali pakhomo pomwe paja, atayang'ana komwe kuja.

"Ine ndigwire mapatapata ako? Ndiwatani?" anatero Yolanda akuseka.

Kumalo oyezera nako zinthu sizinayende. Matumba onse anaumitsidwa mu uvuni, dothi n'kuuma gwa. La khumi ndi chinayi linatuluka lonyowa monga linalowera. Analibwezamo kawiri, osasintha. Poliika pasikelo, tsiku lililonse linkalemerako pang'ono kuposa dzulo lake.

"Mwasokoneza penapake, Ndaziona," anatero a Matewere. "Dothi silinama. Amanama ndi wophunzira."

Kenako kunayamba kusinja. Masana dzuwa lili paliwombo, anthu onse atabisala m'nyumba, Ndaziona ankamva mtondo kumbali ya munda. Gu! Gu! Munsi umodzi wokha, wosinja mosafulumira, ndipo pakati pake mawu aang'ono ong'ung'udza nyimbo. Mawu ake sankamveka, koma kayendedwe ka nyimboyo kanali ka kwawo, ka atsikana osinja pamtondo. Anafunsa Yolanda ngati akumva.

"Ndi mafunde amenewo, Nda. Iwe wasowa kwanu basi."

Nkhani yoti wasowa kwawo inali yoona. Chomwe sanauze aliyense n'chakuti kusinjako sikunkamuopsa monga kunayenera. Ankapezeka akukudikira, monga munthu amadikirira kuti mnzake adutse pamsewu.

Lachitatu la sabata yachiwiri galimoto inamusiya kumunda. Sanachite dala, anangoiwala kuwerenga anthu. Anayamba ulendo wapansi, msewu wamchenga uli yekhayekha, dzuwa likuswa mtengo. Atayenda pang'ono anaona kuti kutsogolo kwake kuli munthu. Sanamuone potulukira. Anali wamkazi, wowonda, atavala nsalu yakuda yofwifwa kuchokera m'khwapa, dengu pamutu. Mwendo wake wakumanzere ankaukoka pang'ono, ngati pali cholemera pakakolo.

Ndaziona anafulumira kuti amupeze, koma mpata pakati pawo sunachepe. Anachepetsa liwiro, mpata sunakule. Ndiye mawu anabwera, munthuyo osatembenuka.

"Mnzangawe, kodi mvula yagwa kwathu?"

Anali mawu a mtsikana wa msinkhu wake, koma katchulidwe kake kanali ka nkhalamba za kumudzi. Ndaziona anayankha asanaganize, chifukwa lilime linali ndi ludzu la chilankhulo chake.

"Yagwa dzana. Amayi akuti anthu ayamba kubzala."

Anayenda mapazi angapo. Mchenga unkalira pansi pa mapazi a Ndaziona okha.

"Ndidasiya mapira pathanthwe, kumtsinje," anatero mawuwo. "Ndidati ndikatunge madzi ndibwere. Kaya wina adawalowetsa."

Thupi lonse la Ndaziona linachita tsemwe. Anafuna kufunsa kuti ndiwe yani. Koma msewu unakhota pamtengo wa mango, ndipo Ndaziona atakhota, kutsogolo kunalibe munthu. Pamchenga panali mapazi aang'ono opanda nsapato, ndi kamzera kokokeka pambali pa phazi lakumanzere. Mapaziwo sanalowe kutchire. Anathera pambali pa mapazi ake.

Madzulo amenewo anakapeza a Khamisi, mkulu woyang'anira mundawo, atakhala pakhonde akusankha karafuu. Ankamvana m'Chingerezi chothyokathyoka, manja akuthandizira. Ndaziona atatchula ngodya ya miphika, mkuluyo anaika lichero pansi.

"Ndinawauza aphunzitsi anu kuti kumeneko kusapite munthu," anatero. "Mwina sanandimve. Mwana wanga, pamenepo pagona anthu a kwanu, Anyasa. Anabwera kalekale atamangidwa, kudzathyola karafuu m'munda muno. Mayina awo palibe akuwadziwa. Agogo anga ankasesapo, bambo anga ankasesapo, inenso ndimasesapo. Nthawi zina timawamva akusinja. Koma sitidziwa chowauza. Chilankhulo chawo sitichimva, nawonso chathu sachifuna."

"Ndinatapapo dothi," anatero Ndaziona motsitsa mawu. "Ndinawalankhulanso."

A Khamisi anamuyang'anitsitsa. "Ndiye kuti kwa zaka zonsezi, ndiwe woyamba kumveka."

Masiku otsalawo Ndaziona sanayendenso yekha. Pamchenga mapazi ankakhala anayi. Akakhala pakhonde, mphasa inkalira pambali pake ngati wina akukhalapo. Mantha analipo, ndisakunamizeni, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chomwe ankachita nacho manyazi: anali atapeza mnzake. Anayamba kumamuuza tinkhani ta kumudzi chapansipansi, za mitengo ya masuku, za ngumbi za mvula yoyamba, za bambo ake omwe sankakumbukanso nkhope yawo. Yankho silinkabwera, koma ankadziwa kuti wina akumva.

Tsiku loti mawa anyamuka, a Matewere anawasonkhanitsa.

"Dothi lonse mukalitaye m'dzenje kuseri kwa nyumba yoyezera. Lamulo sililola dothi kuwoloka malire, limanyamula matenda a mbewu. Wopezeka nalo pabwalo la ndege, ngakhale kambewu kamodzi, za sukulu aiwale. Ndanena."

Ndaziona anaima pamphepete pa dzenjelo, matumba khumi ndi atatu atakhuthula kale. Lotsalalo linali m'manja mwake, lolemera ngati mwana wakhanda. Sukuluyo anaivutikira. Nankhoma anaivutikira kuposa iye, ndi khasu, zaka khumi ndi zisanu. Koma akati atembenuze thumbalo, ankaona bambo ake ataima pamvula kuseri kwa chitseko, akudikira wachibale yemwe sabwera. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Anatembenuka n'kulunjika kungodya ya munda. Kumeneko anagwada, anaomba m'manja, anabweza dothilo m'dzenje lomwe anabowola, kupatula dzanja limodzi. Limenelo analimanga pamfundo ya chitenje, monga amayi amamangira mchere pochokera kumsika, n'kuchimanga chitenjecho m'chiuno.

"Mnzanga," anatero, "mawa ndikupita kwathu. Mudzi wako sindiudziwa, koma njira yakumtunda ndikuidziwa. Ngati ukufuna, tiye. Enanu pepani, ndili ndi msana umodzi."

A Khamisi anali ataima patali ndi tsache m'manja. Anangovula chipewa.

Usiku umenewo sanavule chitenjecho, kuopa kuti dothi lingakhudze pansi. M'mawa mapatapata anali pomwe anawasiya, pansi pa bedi, kwa nthawi yoyamba.

M'boti lopita kumtunda, madzi atayamba kuoneka mbali zonse, anagwira mfundo ija. "Tikuwoloka nyanja ya mchere. Usaope, tsata ine."

"Nda, ukulankhula ndi ndani?" anafunsa Yolanda.

"Ndi mnzanga."

Anyamata awiri anaseka. Wina anati dzuwa lamuwotcha mutu.

Pabwalo la ndege anaima pamzere wofufuzidwa. Mayi wofufuza anamupapasa m'mapewa, m'nthiti, mpaka dzanja linafika pamfundo. Linaima pamenepo. Ndaziona anatseka maso, akuona sukulu yake ikutha. Koma mayiyo anabweza dzanjalo msanga ngati wakhudza madzi ozizira. Sanayang'ane Ndaziona. Anayang'ana kuseri kwa phewa lake, pamalo pomwe panalibe munthu, milomo ikugwedezeka. Kenako anapatuka, n'kusiya mpata wokwanira anthu awiri.

Ndege itakwera, anzake anagona. Iye sanayerekeze kutseka chikope, maso ali pawindo, kuopa kuti angadutse madzi osanena. Mtsinje uliwonse wonyezimira pansipo ankaunong'oneza. Kenako mitambo inatseguka, ndipo pansi panaoneka madzi aakulu, abuluu, aatali. Mfundo ija inayamba kutentha m'chiuno mwake. Galasi la windo linachita nthunzi pang'ono, pamalo pomwe iye sanapumirepo.

"Ndi nyanja yathu iyi," anatero misozi ikutsika. "Unaiwoloka utamangidwa. Lero tikuiwoloka chobwerera. Tatsala pang'ono."

Chovuta kwambiri chinamudikira ku Lilongwe. Atatenga chikwama n'kuyamba kulowera kumsewu, anamva mawu a Yolanda kumbuyo.

"Nda! Dikira! Tonse tikukadyera kwathu, amayi aphika. Tiye, galimoto ili ndi malo!"

Masabata atatu athunthu anadikira mawu amenewo. Khosi linafuna kutembenuka lokha. Koma wonyamula dothi satembenuka. Anangokweza dzanja n'kupitiriza kuyenda, akumva kumbuyo wina akuti, "Musiyeni, ndi wonyada ameneyo." Zinamupweteka kwambiri, koma sanacheuke.

M'minibasi ya ku Ntchisi munadzaza monga mwa masiku onse, anayi pampando wa atatu. Koma malo a pambali pa Ndaziona anakhala opanda munthu. Mayi wina wa nkhuku anati akhalepo, n'kudzuka msanga, n'kunena kuti "Pepani" kwa mpando wopanda kanthu, n'kukadzipanikiza kumbuyo. Kondakitala sanauzenso munthu kuti akhalepo.

"Tikuwoloka Lumbadzi," anatero Ndaziona pamlatho. Pakamtsinje kalikonse ankanena, ngakhale kouma. Anthu anasiya kucheza. Mkulu wina anavula chipewa n'kuchiika pabondo, chifukwa akuluakulu amadziwa.

Atadutsa Mponela, mitambo yakuda itasonkhana kumapiri, anafika pa kamtsinje kopanda ngakhale chikwangwani. Anati, "Tikuwoloka," ndipo mawuwo asanathe, m'chiuno mwake munapepuka. Mfundo yomwe inamulemera ulendo wonse inangokhala ngati mulibe kanthu.

"Imani! Nditsika pompano!"

"Pano palibe mudzi, asisi," anatero dalaivala.

"Ndikudziwa."

Mudzi panalibedi. Panali munda wa fodya, mtengo wa kachere wokalamba, ndipo m'mphepete mwa kamtsinjeko munali thanthwe lalikulu losalala, lokhala ndi timaenje tomwe manja a anthu akale anasiya popera. Ndaziona anakwera pathanthwepo, anagwada, anamasula mfundo. Dothi lomwe linakana kuuma mu uvuni linali louma ngati ufa. Analithira pang'onopang'ono m'kaenje kamodzi.

"Wafika, mnzanga," anatero. "Mapira aja anawalowetsa. Usadandaule."

Anadikira. Ankayembekezera mawu, kapena nyimbo ija, kapena kungoti tsala bwino. Kunalibe. Pamatope a m'mphepete mwa madzi anaona mapazi aang'ono olowera kumtunda, otalikirana ngati a munthu wothamanga, ndipo kamzera kokokeka kaja panalibe. Madontho oyamba a mvula anayamba kugwa n'kumawafafaniza limodzilimodzi.

Ndaziona anakhala pathanthwepo n'kulira ngati mwana. Anakondwera, inde, koma anali yekha kachiwiri, ndipo tsopano ankadziwa kukoma kwa kuyenda awiri.

Anafika kwawo wapansi dzuwa litapendeka, atanyoweratu. Nankhoma anamulandira pakhonde n'kumupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu yake.

"Nanga kutsidya kwa nyanjako watitengera chiyani?"

Ndaziona anamuonetsa ngodya ya chitenje, yokwinyika, yothimbirira ndi dothi lakuda. Anafotokoza zonse, kuyambira pa mphika wobowoka mpaka pathanthwe. Mayiyo anamvetsera osadula mawu, akusisita ngodya ya chitenjeyo ndi chala. Ndaziona atamaliza, mayiyo anaponya maso kuchitseko.

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero pomaliza. "Mwana wa eni wafika kwawo." Maso sanawachotse pachitseko. "Wathu yekha ndiye akadali pamvula."

"Njira ndaiphunzira, amayi," anatero Ndaziona.

Anagona tulo tofa nato, toyamba m'masabata atatu. Mapatapata ake onyowa anawasiya pafupi ndi moto kuti aume. Kutacha, Nankhoma ndi amene anayamba kudzuka kuti akasese pabwalo. Ndaziona anamva tsache likugwa pansi, kenako mayi ake akumuitana ndi mawu omwe anali asanawamvepo.

Mapatapata aja anali pakhomo, ataikidwa bwinobwino moyandikana. Sanayang'ane kolowera dzuwa. Anayang'ana kumwera, njira ya ku Joni.

Pamene ine ndinkachoka kumeneko, chitenje chija chinali chitachapidwa, chili pachingwe, ndipo Ndaziona ankafunsa anthu mayina a mitsinje ya pakati pa Joni ndi Ntchisi, kuti asadzadumphe ngakhale umodzi.